Mgolo wa a Mphuno

Dzina lenileni la apongozi anga aamuna amalidziwa ndi a ku ofesi okha. Ena onse amawatchula kuti a Mphuno. Sikuti mphuno yawo ndi yaikulu ayi, ndi yapakatikati ngati ya munthu wina aliyense, koma ndi imene yadyetsa banja lino kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Amagwira ntchito kumalo oyeretsera madzi a suweji, kumene kumathera zonse zimene anthu a m'tauni amagejemula kuchimbudzi n'kuiwala. Iwo saiwala. M'mawa uliwonse amaima pamene madzi oyeretsedwa amatulukira kupita kumtsinje, amatunga m'kapu yakale ya pulasitiki, n'kununkhiza ali chitsinzinire ngati mtsikana akusankha mafuta odzola. Akatero amati, "Lero zili bwino," kapena, "Lero anyamata atopa." Achemwali a ku labu, amene ali ndi mapepala a sukulu ndi timabotolo tosawerengeka, amayeza madzi omwewo ola lathunthu n'kupeza zimene mphuno yanena kale. Zimawapweteka, koma anazolowera.

Ine ndinalowa m'nyumba muno ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Mwamuna wanga amayendetsa lole ndipo amabwera kawiri pamwezi, ndiye anandisiya kwa makolo ake. Nyumbayi ndi ya kampani, ili mkati mwa mpanda wa pantchito pomwepo: zipinda ziwiri, khitchini, kakhonde kuseri, ndi zenera loyang'ana kumathanki. Tsiku limene ntchito ya apongozi idzathe, makiyi adzabwezedwa tsiku lomwelo, ndipo ife tilibe kwina kolowera. Zimenezi amayi, apongozi anga aakazi, anandiuza ndisanamasule n'komwe chikwama.

Anyamata amene apongozi amanenawo ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timakhala m'matope a m'thanki yaikulu. Nkhani yake imakambidwa nthawi ya chakudya, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene anthu sangathawe.

"Mkodzo ukawola umatulutsa fungo lolasa m'maso lija," amatero akuloza khoma, poti ine sangandiyang'ane. "Ameneyo ndi amoniya. Akalowa mumtsinje, nsomba zimayandama mimba zili m'mwamba. Ndiye m'matope muja muli magulu awiri. Gulu loyamba limadya amoniya n'kuchita chimbudzi cha naitiraiti, amenenso ndi poizoni. Gulu lachiwiri limadya chimbudzi cha anzawocho n'kusiya naitireti, amene nsomba sizimudandaula kwenikweni."

"Tikudya, bambo," amatero amayi.

"Nawonso akudya, mayi."

Anyamatawo ndi ovuta kuposa mwana wakhanda. Amafuna mpweya usana ndi usiku, n'chifukwa chake pali injini ziwiri zopopera mpweya m'thanki, zimene phokoso lake mwana wanga anayamba kulimva ali m'mimba, moti zikazima amadzuka n'kulira. Sakonda kuzizira. Sakonda mankhwala. Madzi akayamba kuwawasa amanyanyala mpaka awathirire laimu. Ndiponso amaswana mwaulemu. Tizilombo tina timachulukana ukangotembenuka, koma awa akafa umadikira masabata. Apongozi amadziwa kuti matope awo ali ndi masiku angati, ngakhale uwadzutse pa tulo ta masana. Mlendo wina atawafunsa kuti mdzukulu wawo ali ndi miyezi ingati, anayang'ana mwanayo nthawi yaitali n'kunena kuti, "Wakula ndithu."

Tsopano za mgolo. Pakhonde lakuseri kwa khitchini pali mgolo wabuluu wofika m'chiuno, wodzaza matope a m'thanki muja, ndipo muli kapampu kakang'ono ka m'galasi losungiramo nsomba, kamene kamabwata tsiku lonse. Apongozi amautcha mbewu. Akuti kalekale fakitale ina inatayira mankhwala m'mipope n'kupha anyamata onse, ndipo anadikira miyezi iwiri kuti ena abadwe. Chiyambire pamenepo amasunga ena kunyumba. Kunena zoona mgolowo sununkha, fungo lake ndi la dothi mvula ikangogwa kumene. Chimene chinkawawawa amayi ndi manyazi, komanso ntchito. Magetsi akathima, mpweya umayenera kupopedwa ndi pampu ya njinga, ndipo ngati apongozi ali kumathanki, opopa anali amayi.

"Mkazi mnzangayu adzandipha," ankatero akupopa, thukuta lili kamukamu. "Ine ndinadwala chifuwa mwezi wathunthu, anandipopapo ndani? Tsiku lina ndidzamuthira kolorini, tione ngati adzamulire masiku angati."

Kale apongozi ankadyetsa mgolowo madzi otunga kumene suweji imalowera. Mwana wanga atabadwa, mphuno ija inadutsa pamene ndinkachapa, inaima, inabwerera. Tsiku limenelo anandipempha chinthu koyamba. Anaima pakhomo la khitchini, ine ndili pambali pawo penipeni, n'kuuza amayi amene anali kuchipinda.

"Mayi! Auzeni apongoziwa kuti madzi oyamba otsukuluzira matewera asamataye. A mkodzo okha. Opanda sopo."

"Akumva okha, si agonthi!"

Ndinkafuna nthaka ing'ambike. Koma kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ndimaika kandowa pafupi ndi mgolo n'kuthawira m'nyumba, iwo amabwera, amanunkhiza, n'kuuza mpanda kuti, "Zikomo, apongozi." Ena apongozi awo amawayamikira kuphika.

Zinthu zinasokonekera atabwera bwana watsopano. Anali wamng'ono kuposa mwamuna wanga, wa nsapato zosongoka, ndipo sankayenda opanda fayilo kukhwapa ndi kansalu pamphuno. Pasanathe sabata anthu anali atamutcha kale kuti a Fayilo. Thanki yaikulu ankaidziwa bwino kwambiri pachithunzi chimene chinali pakhoma la ofesi yake.

Mwezi wachitatu analengeza kuti kukubwera akuluakulu a kampani kudzaona malo. Kunayamba kupenta. Anapenta miyala, anapenta mitengo mpaka m'chiuno, anapenta ngakhale wilibala imene inalibe tayala. Kenako anati chilichonse chonunkha chichoke, ndipo ayendera nyumba zonse za antchito. Apongozi atayesa kunena kuti suweji siingasiye kukhala suweji chifukwa cha alendo, a Fayilo anawayankha pamaso pa anthu.

"Madala, inu munakalamba ndi fungo, simulimvanso. Anthu inu uve munauzolowera."

Amayi anali akuyanika zovala pafupi ndi mpanda ndipo anamva zonse. Ine ndinati basi, mkazi mnzawo uja wapita, mwayi wawo wafika. Koma analowa m'nyumba, anatenga thabwa, anavundikira mgolo, anayala nsalu yoyera ya patebulo imene amaisungira alendo, yofika mpaka pansi, n'kuikapo maluwa a pulasitiki.

"Mwamuna wanga ndimamunyoza ndine," anatero. "Ndinayamba bwana wakeyo asanabadwe."

A Fayilo anafika masana. Anasuzumira kuchimbudzi, anasuzumira kuseri kwa chitseko, kenako anatulukira pakhonde n'kuika fayilo yake patebulo latsopanolo kuti alembe. Pansi pa nsalu kapampu kanali pantchito. Bwa, bwa, bwa.

"Chikulira n'chiyani?"

"M'mimba mwangamu, bwana," anatero amayi atagwira pamchombo. "Ukalamba. Mudzauona."

A Fayilo anasuntha pang'ono, analemba kuti nyumba yathu ndi yaukhondo kuposa zonse, n'kuyamikira maluwa.

Tsiku la alendo anamanga tenti pafupi ndi thanki yaikulu, chifukwa ndi pamene chithunzi chimaoneka bwino. Apongozi anawapatsa ovolosi yatsopano n'kuwatumiza kugeti, kutali, kuti azikalozera magalimoto poima. Aliyense anadziwa kuti cholinga chinali choti asakumane ndi mlendo n'kumuuza za chimbudzi cha gulu loyamba. Cha m'ma eyiti a Fayilo anayesa chimkuzamawu, ndipo anapeza kuti injini zikumeza mawu ake. Analamula kuti zizimitsidwe. Mwana wanga anadzuka nthawi yomweyo n'kuyamba kukuwa. Ndili pazenera ndinaona apongozi akuthamanga kuchokera kugeti, ovolosi yatsopano ikuwakola m'miyendo, koma anapeza chipinda cha injini chokhoma, kiyi ili m'thumba la a Fayilo.

"Kwa ola limodzi lokha, madala. Bwererani kugeti."

Alendo a naini koloko anafika cha m'ma thili. Pofika masana thanki yopanda mpweya ija inali itayamba kununkha zenizeni, fungo loti ngakhale ine wozolowera ndinatseka zenera. A Fayilo sanavutike kuganiza. Anatuma anthu kusitolo ya pantchito kukatenga zidebe za kolorini waufa, n'kukhuthulira m'thanki. Fungo linasintha, panamveka ngati m'chipatala. Alendo anafika, anakhala mphindi makumi awiri, anawomba m'manja, mmodzi ananena kuti sanaonepo suweji yabata chonchi. Atanyamuka, a Fayilo anakwera nawo galimoto kupita kumadyerero, kiyi ija ili m'thumba. Injini zinalira m'mawa wa tsiku lotsatira.

M'mawa umenewo apongozi anatunga m'kapu yawo, ananunkhiza, ndipo misozi inatuluka. Sindikudziwa ngati inali ya amoniya kapena ya mumtima. Anabwera kunyumba n'kukhala pakhonde osavula nsapato. Kabotolo ka achemwali a ku labu, kamene madzi akakhala abwino kamakhala kachikasu, kanabiriwira ngati masamba. Patatha masiku atatu anthu okhala kumunsi kwa mtsinje anakadandaula za nsomba zakufa, ndipo oyang'anira mitsinje anabwera n'kupereka masiku makumi awiri ndi limodzi kuti madzi akonzeke.

Kalata ya apongozi inafika tsiku lomwelo. Inati vutoli labwera chifukwa cha kusasamala kwa woyang'anira thanki, amene tsiku la alendo sanapezeke pamalo ake a ntchito. Inatinso madzi akalephera pa tsiku loyeza, ntchito yatha, ndipo makiyi a nyumba abwezedwe. Apongozi anaiwerenga kawiri mokweza. Ine ndinali kuseri kwa chitseko, mwana ali kubere, ndikuganiza za kumene munthu angaike khanda lole ya bambo ake ili kutali.

Amayi ananyamuka. Anapita pakhonde, anachotsa maluwa, anapinda nsalu yoyera ija, anachotsa thabwa.

"Dzukani, bambo. Mkazi wanu wamng'ono akukuitanani."

Anthu akamamva nkhaniyi amaganiza kuti tinangokhuthulira mgolo m'thanki basi. Apongozi akanakomoka. Mbewu yochepa chonchija m'thanki yaikulu ngati bwalo la mpira wamanja ikanangosochera. Anayamba adikira masiku awiri kuti kolorini atheretu. Kenako anatsuka kathanki kakang'ono kakale kamene kanali kuseri kwa chipinda cha injini, analowetsamo paipi ya mpweya, ndipo matope a mumgolo tinawasenza pamutu m'ndowa, ine ndi amayi, maulendo asanu ndi awiri aliyense, kudutsa pazenera la ofesi. Pang'ono anasiya mumgolo, poti munthu sadya mbewu yonse. A Fayilo anatuluka kansalu kali pamphuno.

"Zimenezi zachokera kuti?"

"M'mimba muja, bwana," anatero amayi osaima.

Masiku amenewo apongozi ankadyera chiimire. Kathankiko ankakathira suweji pang'onopang'ono ngati phala la mwana wodwala, kenako laimu, kenako kununkhiza. Patatha sabata anayamba kusamutsira matopewo m'thanki yaikulu. A Fayilo ankabwera m'mawa uliwonse ndi nzeru yatsopano. Tsiku lina anafunsa ngati kuwonjezera kolorini sikungathandize. Tsiku lina anafunsa ngati anyamatawo sangauzidwe kuti afulumire, ndipo sankaseka.

Ndi masiku omwewo pamene apongozi anazindikira kuti m'nyumba muli mwana. Ankamuyang'ana mwachikondi chimene ndinali ndisanachionepo.

"Mayi, mdzukulu wangayu wayamwa mokwanira? Auzeni apongozi asamamumane. Dzulo kandowa kanali kochepa."

Tsiku lakhumi ndi chiwiri kabotolo kobiriwira kaja kanayamba kuyera, koma kabotolo kena, koyezera naitiraiti, kanafiira ngati madzi otsukira nyama. A Fayilo anathamanga mpaka pakhomo pathu, koyamba opanda fayilo.

"Madala, mwapanganso poizoni wina! Mukufuna kundichotsetsa ntchito?"

Apongozi anali akumwetulira mpaka mano a kumbuyo. "Gulu loyamba ladzuka, bwana. Chimenecho ndi chimbudzi chawo. Achiwiri ndi aulesi, amadikira chakudya chiunjikane."

"Adzuka liti?"

"Sanandiuze."

Tsiku lakhumi ndi chisanu kunagwa chisanu. Apongozi anatenga bulangete lawo n'kufunditsa mgolo, lona wa lole amene mwamuna wanga anasiya anafunditsa kathanki kaja, iwo n'kumagona ndi jekete. Kabotolo kanakhalabe kofiira. Amayi anayamba kukulunga mbale m'manyuzipepala n'kumaika m'katoni, mwakachetechete, mbale ziwiri patsiku. Ine ndinkachapa matewera n'kumawerenga masiku pa chingwe. Sindinapemphererepo tizilombo chibadwire, koma sabata imeneyo ndinatero, ndipo ndinatchula gulu lachiwiri mwapadera.

Tsiku loyeza linafika. Kunabwera mayi wina wa oyang'anira mitsinje, wosaseka, atanyamula bokosi la timabotolo take. Tonse tinaima potulukira madzi paja, ngakhale ife osaitanidwa. Apongozi anatunga m'kapu yawo, anatsinzina, anakoka mpweya. Anakokanso. Anatsegula maso ali ndi mantha ngati mwana wotayika pamsika.

Chimfine. Bulangete lija linali pamgolo masiku asanu ndi limodzi, ndipo mphuno imene inadyetsa banja zaka makumi atatu ndi chimodzi inali itatsekeka ngati paipi ya kuchimbudzi cha pa depoti.

"Zili bwanji, bambo?" ananong'ona amayi.

"Sindikudziwa."

Achemwali a ku labu anali atadikira mawu amenewo zaka zisanu ndi zinayi. "Lero mudikira ngati munthu, a Mphuno," anatero mokoma mtima kwambiri. "Khalani apo. Ndi ola limodzi lokha."

Apongozi anakhala pa wilibala yopentedwa ija akumina. Mayi wosaseka uja anadontheza mankhwala m'timabotolo n'kuyang'ana wotchi. A Fayilo ankayendayenda akufotokozera aliyense kuti iye anali atachenjeza kale. Mwana wanga, amene sadziwa nthawi yoyenera, ananyowetsa thewera mpaka kudutsa pansalu yanga, ndipo ndinaona apongozi akuyang'ana dontholo pansi ngati chuma chikutayika.

Kabotolo koyamba kanakhala kachikasu, kobiriwira pang'ono chabe m'mphepete. Kachiwiri kanafiirira mwamanyazi, ngati kakupepesa. Mayi uja anakayika pafupi ndi pepala lake la mitundu, anayang'ana padzuwa, anayang'ananso pamthunzi, n'kulemba.

"Mwadutsa," anatero. "Koma pang'onong'ono mukanalephera."

Amayi anatembenuka n'kupita kukamasula mbale.

Sabata yotsatira kunabwera makalata awiri. Ina inali ya a Fayilo, yowayamikira chifukwa choyambitsa njira yatsopano yosungira mbewu ya tizilombo, ndipo anaiika m'felemu pafupi ndi chithunzi cha thanki. Inayo inali ya apongozi, yowachenjeza chifukwa chosunga zonyansa m'nyumba ya kampani. Mgolo wathu anabwera kudzautenga ndi anthu anayi, anaupenta woyera, anaulemba nambala, n'kuuika m'kachipinda pafupi ndi ofesi kuti alendo aziuona. Lachisanu loyamba a Fayilo anazimitsa kapampu poweruka, poti Loweruka ndi Lamlungu palibe amagwira ntchito. Mgolowo ulipobe mpaka lero, woyera bwino, ndipo alendo amaujambula. Chitseko chake sachitsegula nthawi yaitali.

Pakhonde lathu pali tebulo lina tsopano, lofika m'chiuno, la nsalu yoyera ndi maluwa a pulasitiki. Mgolo wake anakagula ndi amayi okha, ndipo magetsi akathima amapopa akutukwana monga kale.

Vuto ndi lakuti mwana wanga wayamba kuyenda ndipo matewera akusiya. Kandowa kakuchepa tsiku ndi tsiku. Dzulo apongozi anakayang'ana nthawi yaitali, anaima pakhomo la khitchini ine ndili pambali pawo, n'kuitana kuchipinda.

"Mayi! Afunseni apongoziwa. Mwanayu akhala yekha mpaka liti?"

"Afunseni nokha, ali pompo!"

Ndinkafuna kuwauza kuti mwanayo ali ndi kapoti kokodzeramo, ndipo zimene akufunazo zimapezeka mmenemo m'mawa uliwonse, zosasungunula n'komwe. Koma munthu ungayambe bwanji nkhani yotere ndi apongozi? Ndauza amayi kuti awauze. Amayi akuti sawauza msanga, nawonso akufuna mdzukulu wachiwiri.